Tepi, nkhono ndi octopus: masiku a mwera ku Salima ndi Nkhotakota

Lolemba, Kamuzu Road

Minibasi ya mudepoti ya Lilongwe sinyamuka isanadzaze, ndipo lero kudzaza kwake kunadya m'mawa wonse. Mtengo K12,000. Kondakitala anayang'ana ndowa yanga n'kunena kuti nayonso ilipire poti yakhala pamalo pa munthu, ndiye ndinangoinyamula pamiyendo mpaka ku Salima. M'ndowamo muli mabotolo opanda kanthu, sefa yakale ya ufa, kope, ndi tepi yomwe ndabwereka kwa telala wa pafupi ndi kwathu. Sukulu zikatsegulira ndiyamba ndi mutu wa kugawa zamoyo m'magulu, ndipo ndatopa ndi kujambula nkhono pabolodi ana akuyasamula. Ndikufuna zigoba zenizeni za kunyanja, mwana aliyense agwire ndi manja ake. Ulendo womwewu ndikafike ku Nkhotakota kwa amalume, omwe sitinaonane chibwerereni ku Joni.

Pa Chezi azimayi anatizinga ndi tomato ndi kabichi, mabeseni mpaka pawindo. Titatsika zitunda za Mvera juzi inayamba kulemera, milambe n'kuyamba kuoneka apo ndi apo. Mnyamata yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anandigawira masawu osandifunsa n'komwe dzina.

Malo ogona ndapeza kuseri kwa msika, K15,000 chipinda, madzi osamba a m'ndowa. Magetsi athima ndili pakati pa nsima ya usipa, moti izi ndikulemba ndi tochi ya foni. Ndinaimbira amalume kuwauza kuti ndifika Lachinayi. Atamva za nkhono anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ukuvutikiranji ndi tinkhono? Ubwere ndidzakuuze za mkulu wawo wa nkhonozo. Ine ndinamugwira ndi manja angawa ku Cape Town, kutalika kuposa chitseko." Akunena octopus, nyama ya m'nyanja yamchere ya mikono isanu ndi itatu. Ndine ndemwe ndinawauza pafoni kuti nyamayi ndi m'bale wa nkhono, lero akundibwezera phunziro langa lomwe. M'buku la ana anga nkhono ndi octopus zilidi patsamba limodzi, pansi pa gulu la Mollusca, nyama za thupi lofewa lopanda mafupa. Ndimaiphunzitsa chaka ndi chaka koma ndimangoionera pafoni. Ndiye kuti tepi ija ili ndi ntchito ziwiri.

Lachiwiri, Senga Bay

Sienta ya ku Senga Bay K3,000, anthu kuchuluka kuposa mipando. Kuchoka pamsewu kutsikira kudoko la Nguwo ndinakwera kabaza. Mwera wakhala ukuomba usiku wonse, nyanja yachita kuyera ndi thovu, mabwato onse ali kumtunda. Mathandala ali mbee, opanda usipa. Alovi angokhala m'magulumagulu, ena akusoka chilimira, ena ali pa bawo.

Ndinagwada pomwe mafunde amathera n'kuyamba kusefa mchenga. Posakhalitsa ana anandizinga, ndipo ntchito anailanda. Amabwera ndi zigoba m'manja modzaza: zazitali zosongoka za Melanoides, ndi zazikulu zofufuma za Lanistes zomwe kamwa lake limayang'ana kumanzere. Zosweka amataya okha.

"Madamu, mwataya ndolo?"

Anali bambo wachikulire wa chipewa chaulusi, amene anyamata amangowatcha asigina, poti ndi iwo amakhala m'bwato la nyali usiku kuona komwe usipa wasonkhana. Ndinawafotokozera za nkhono, nkhani n'kufika pa abale ake a nkhonoyo, ine n'kutulutsa foni. Kanema wa octopus ikutuluka m'phanga, mikono ikuyenderera pamiyala, anathetsa bawo yense.

"Ichi chilimo muno," anatero asigina osaphethira. "Chaka china kuseri kwa Namalenje chinatigwirira chilimira usiku. Amuna khumi kukoka, osatheka."

"Madala, sindikukana kuti ukonde unagwidwa. Koma osati ndi iyi." Mitundu ya octopus yodziwika ilipo pafupifupi 300, ndipo yonse ndi ya m'madzi amchere. Palibe ngakhale umodzi wa mumtsinje kapena m'nyanja ya madzi akumwa ngati yathuyi, chifukwa thupi lake silitha kusunga mchere likalowa m'madzi opanda mchere.

"Nanga pansi penipeni, inu munafikako?"

Funso labwino. Nyanja yathu imazama pafupifupi mamita 700 chakumpoto, komatu ukangopitirira mamita 250 madzi ake alibe mpweya wa okosijeni, moti ngakhale nsomba sizikhalako. Octopus nayo popanda mpweya singapirire. Ili ndi mitima itatu, iwiri yokankhira magazi ku ziwalo zopumira, umodzi wotumiza thupi lonse, ndipo magazi ake ndi abuluu chifukwa chonyamula mpweya m'menemo ndi kopa, pomwe mwa ife ndi ayironi.

"Mitima itatu? Koma ndiye mitala!" anakuwa mnyamata wina, doko lonse phwete. Asigina anangoti mwina unali mweza kapena mwala, koma nkhope yawo sinavomere.

Kenako linabwera funso lomwe msodzi aliyense padziko amafunsa: yaikulu kwambiri imafika pati?

Yotchuka pa kukula ndi Enteroctopus dofleini, imene m'Chingerezi amati giant Pacific octopus. Imakhala m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Pacific, kuyambira ku Japan ndi Korea, kuzungulira ku Russia ndi Alaska, kutsika ndi gombe la Canada mpaka ku California. Yokhwima nthawi zambiri imalemera makilogalamu 15 kapena kuposerapo, ndipo ukatambasula mikono iwiri yoyang'anizana imatha kufika mamita 4.3. Manambala pakamwa sawaopsa anthu, ndiye ndinatulutsa tepi. Tepi ya telala imathera pa masentimita 150. Mwana mmodzi anazika kamtengo pamchenga, wina n'kumagwira nsonga, ine n'kumasuntha: kamodzi, kawiri, kachitatu kuchotsako masentimita 20. Tinazika kamtengo kachiwiri. Alovi anadzuka pa bawo kubwera kudzaona. Wina anayenda kuchoka kamtengo aka kufika ako akuwerenga mapazi, wina anagona chagada pakati n'kutambasula manja, sanafike ndi theka lomwe.

Yolemera kwambiri imene akatswiri anaiyezadi ili yamoyo inali makilogalamu 71. Sikelo yopachika yomwe ili padoko pano imathera pa 50, ndiye mnyamata wa mitala uja anati nyamayo ikanangothyola sipuling'i. Palinso mbiri ya ina yomwe ati inali makilogalamu 272, mikono mamita 9. Imeneyi tinaiyeza ndi chingwe cha ukonde, tepi kasanu ndi kamodzi, ndipo inakathera pansi pa thandala la eni ake. Koma ndinawauza mosabisa kuti akatswiri ambiri saikhulupirira, poti ndi nkhani yakale yongosimbidwa, yopanda umboni woti wina n'kuutsimikiza.

Vuto lake n'lakuti nyamayi ilibe fupa. Mkono wake ukaukoka umatalika, ukausiya umafupika. Yamoyo imadzikwinya, yakufa imalendewera, ndipo anthu awiri akagwira uku ndi uku n'kukokana atha kupeza mamita omwe mtima wawo ukufuna. N'chifukwa chake akatswiri amadalira sikelo, komanso amayeza thumba lija lomwe anthu amaliyesa mutu, pomwe kwenikweni ndi momwe muli mitima, chifu ndi ziwalo zina, kuchokera pakati pa maso kufika kunsonga. Apa asigina anagwedeza mutu koyamba. "Zimenezo tikuzidziwa, madamu. Kampango wa pakamwa ndi kampango wa pasikelo ndi nsomba ziwiri."

Ana anafuna kudziwa za timakapu tomatira tomwe tandandalika kunsi kwa mikono. Pa mtundu waukuluwu mkono umodzi umakhala nato pafupifupi 280, m'mizere iwiri, ndipo sikuti timangogwira, timalawanso chomwe tagwira. Cholimba m'thupi lonse ndi mlomo wokha, uli pakati pomwe mikono yakumana, ndipo bowo lomwe mlomowo ungadutse, chinyama chonsecho chimadutsanso. Kamtsikana kena kanayang'ana kukamwa kwa botolo langa n'kubwerera m'mbuyo.

Madzulo akazi awo a asigina ananditumizira nsima ndi bonya wokazinga pamodzi ndi tomato, ati mphunzitsi sagona ndi chipisi. Ndalama anakana. Msana ukuwawa, mawondo apsa ndi mchenga.

Lachitatu, Senga Bay yomwe

Mwera sunaleke. Mabwato ochepa omwe anayesa usiku abwera ndi usipa wosadzaza beseni, ndipo mtengo wakwera moti azimayi ogula angokhala pansi pa mtengo, zitenje kumutu, kudikira. Ndinakhala nawo, poti inenso ndinalibe kothamangira.

Mmodzi, wa ku Mchinji, anamva za dzulo. "Asisi, chinyama chanucho ine ndinachidya." Kale amakapikula zitenje ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kudzera pa Songwe. Kumeneko amati pweza. Madzulo anyamata amaika matebulo m'mbali mwa msewu, poto wa supu akutuluka nthunzi, tizidutswa tofiirira todya ndi kachitokoso ndi tsabola. Azibambo amaima pamzere kumwa supuyo m'makapu, ati imawonjezera mphamvu za kuchipinda. Iye analawa kachidutswa kamodzi. "Kutafuna, kutafuna, osatha. Koma msuzi wake eee." Anati asanaiphike amayamba aimenyamenya kuti ifewe.

Imene anadyayo mosakayika ndi Octopus cyanea, pakuti ndi imene imagwidwa kwambiri m'magombe a Tanzania, Mozambique ndi Madagascar. Si yaikulu ngati ya ku Pacific, yambiri yofika pamsika ndi ya kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo mosiyana ndi inzake yambiri imasaka masana. Kunyanja yamchere madzi amaphwera ndi kubwereranso kawiri patsiku. Akaphwera, azimayi amayenda pamiyala ndi kandodo kosongoka, kufunafuna una womwe pakhomo pake pali zigoba za nkhanu zotayidwa. Chimenecho ndicho chizindikiro kuti mwini wake alimo. Azimayi a pansi pa mtengo anakondwera kumva kuti kwinakwake usodzi uli m'manja mwa akazi, osati kumangodikira kumtunda ndi beseni.

Chomwe chimandidabwitsa ine chaka chilichonse ndikamakonza phunziroli si kukula kwake, koma kufulumira kwake. Octopus cyanea imangokhala chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Ngakhale chimphona cha ku Pacific chija chimakhala zaka 3 mpaka 5 basi, chikuyambira pa kanthu kosaposa sentimita imodzi. Yaikazi ya ku Pacific imaikira mazira kamodzi kokha pamoyo wake, masauzande ambirimbiri, n'kuwapachika kudenga kwa phanga. Imawalondera miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, kuwapemerera madzi, kuwapukuta, osadya kanthu, ndipo akamaswa iyo imakhala itatheratu, n'kufa.

"Nanga bambo wake amakhala ali kuti?" anafunsa mayi wa ku Mchinji.

"Amafa pasanapite nthawi yaitali chikwerereni."

"Anapeza pothawira ameneyo."

Kukula msanga kumeneku n'komwe kunapatsa nzeru asodzi achi Vezo a m'mudzi wa Andavadoaka ku Madagascar. Mu 2004 anagwirizana kutseka mbali ina ya gombe kwa miyezi ingapo, ndipo potsegula anapeza octopus zonenepa kuposa kale. Njirayi inafalikira m'midzi ina mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. Ndikufotokoza izi asigina anali atafika kumbuyo kwanga. "Zimenezo ife tinayamba kale, pitani ku Mbenji mukaone." Akunena zoona. Chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira konkuno ku Salima, chimatsekedwa m'dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Akazinso saloledwa kupondapo, ndiye "pitani mukaone" ameneyo anali wa pakamwa chabe. Utaka wa ku Mbenji ndingoudyera kumtunda kuno. Lamulo lotseka ndimaligwadira, linalo tisiye kaye, lero ndatopa.

Masana mnyamata wina wa zaumoyo anaona botolo langa lomwe ndinaikamo nkhono zamoyo zingapo, n'kuloza kamodzi kakang'ono ka chigoba chopyapyala. "Madamu, aka musamakagwire ndi manja." Bulinus, kamene kamasunga tizilombo ta likodzo. Ndimadziwa bwino za kankhonoka, koma kukaona kakukwawa m'botolo lako lomwe, dzulo lonse unali m'madzi mpaka m'mawondo, mtima umagunda mwina. Anandilangiza kuti pakapita milungu ingapo ndikayezetse kuchipatala. Ndinakhala nthawi yaitali ndikukayang'ana kakutulutsa tinyanga pang'onopang'ono, mayi wa ku Mchinji n'kumandiseka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi, pamsewu wa M5

Pa Kaphatenga ndinadikira kuyambira 8 mpaka dzuwa kufika paliwombo. Magalimoto ochepa, ati mafuta avuta, ndipo mtengo wa ku Nkhotakota unakwera ndili chiimire, kuchoka K13,000 kufika K16,000. Msewu ndi wokumbikakumbika, pena phula, pena fumbi lokhalokha. Dalaivala amathamanga ngati akuthawa ngongole, ine mtima uli m'mwamba. Titadutsa Khombedza, tisanafike pa Benga, tayala lakumbuyo linaphulika, galimoto n'kuyenda chokhotakhota mpaka kukaima m'mbali. Palibe anavulala. Lapadera linalipo koma lopanda mpweya.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa agogo ena, omwe anatulutsa mphasa, madzi a mumtsuko ndi chinangwa chophika popanda wowapempha. Manja anga anali akunjenjemerabe polandira.

Mtsikana wa Fomu 3 wopita ku Dwangwa anasuzumira m'kope mwanga n'kuwerenga mokweza: "Octopus ya mikono isanu ndi iwiri? Madamu, si paja imakhala eyiti?" Imeneyi ndi Haliphron atlanticus, yomwe inalembedwa koyamba ndi Japetus Steenstrup wa ku Denmark mu 1861. Mikono ili nayo isanu ndi itatu ndithu, koma yaimuna imapinda umodzi, womwe imagwiritsa ntchito pobereka, n'kuubisa m'kathumba pansi pa diso lakumanja. Owerenga mothamanga amapeza seveni.

Ndipo ndi iyi imene ikulimbirana ufumu ndi ya ku Pacific. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sitima ina inakola yaikazi m'khoka chakum'mawa kwa New Zealand, ku Chatham Rise. Inatuluka itaduka ziwalo zina, komabe inalemera makilogalamu 61, kutalika mamita 2.9. Katswiri wina, Steve O'Shea, atawerengera zomwe zinasowazo anati yathunthu ikanafika 75. Ndiye ndinamufunsa mtsikanayo: uku kuli 71 ya nyama yathunthu yomwe inakwera pasikelo, uku kuli 75 ya masamu. Wapambana ndani? Anaganiza kaye. "Mayeso amachonga zomwe walemba, osati zomwe ukanalemba." Ndinamuuza kuti akatswiri eni ake sanamvanebe, makamaka poti thupi la Haliphron ndi lamadzimadzi, lotepatepa, la nyama ya m'madzi akuya yomwe imadya jellyfish, pomwe ya ku Pacific ndi mnofu wokhawokha.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Pamlatho wa Chia anyamata anathamangira galimoto ndi chambo chomangidwa pa luzi, ndinagula ziwiri K9,000 kuti ndisafike kwa amalume chimanjamanja. Tinalowa m'boma kuli mdima.

Lachisanu, Nkhotakota

Ndadzuka thupi lonse likuphwanya. Anti anaphika kondowole ndi chambo chija, chigwada pambali. Kondowole safuna kutafuna, umangomeza, ndipo ukatha umafuna mphasa. Koma amalume anali atakonzeka kale ndi nkhani yawo.

Anagwira ntchito pa boti lotchera lobster, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, lomwe limanyamuka ku Cape Town kukatchera misampha m'madzi akuya a kum'mwera. Misampha imamangidwa pachingwe chimodzi chachitali, makina n'kumakoka. Ntchito yawo inali kutsegula msampha ukangofika pamwamba. "Umatsegula, m'malo mwa lobster upeza zigoba zokhazokha, mwini wake wakhala pakona, wakhuta, akukuyang'ana." Akuti kaputeni amatukwana tsiku lonse akaona zotere. Kuitulutsa inali nkhondo: ukamatula mkono uwu, uwo wakumata pa jombo, wina walowa m'kati mwa jekete. Anandionetsa pamkono pomwe timakapu tinasiya mabala ozungulira, ngakhale ine sindinaonepo kanthu, papita zaka. Chomwe sadzaiwala ndi kuzizira kwake ndi diso. "Nsomba siyang'ana munthu. Ijayi imayang'ana."

Ndinawafunsa za khungu. Anati linali ndi makwinya oyenda chotsika m'litali mwa thumba lija. Chimenecho ndi chizindikiro cha gulu la Enteroctopus, ndipo m'madzi amenewo, kuyambira ku Namibia kuzungulira mpaka ku Gqeberha (kale Port Elizabeth), mumakhala Enteroctopus magnificus, yodziwikadi ndi khalidwe lolowa m'misampha ya lobster. Ndiye kuti amalume anagwira m'bale weniweni wa chimphona cha ku Pacific. Anakhala tsonga ndi kunyada. Kenako ndinatulutsa tepi. Mabuku amati mtundu umenewu umafika mamita 1.8, makilogalamu 11. Chitseko cha amalume, kuchoka pansi kufika pafelemu, ndi masentimita 192.

"Yangayo inali yotambasuka," anatero.

"Munaikoka, amalume?"

"Nanga ikanaima yokha?"

Anti anaseka mpaka kutaya madzi. Koma kunena chilungamo, masentimita 12 pa nyama yotamuka chonchi si bodza loti munthu n'kumuimba nalo mlandu. Pa asodzi onse omwe ndacheza nawo sabata ino, amalume ndi amene ayandikira kwambiri buku.

Madzulo ana a oyandikana nawo anabwera, ndipo ndinajambula mndandanda wonse kuseri kwa kalendala yakale. Pamwamba Mollusca, momwe muli nkhono za m'ndowa mwanga. Pansi pake Cephalopoda, za mikono yomera kumutu: octopus, squid, cuttlefish ndi nautilus, yomwe yokha idakali ndi chigoba chakunja. Kenako Octopoda, za mikono isanu ndi itatu. Apa njira imagawikana pawiri. Cirrina ndi za m'madzi akuya kwambiri, zili ndi zipsepse ziwiri pathupi ndi tiulusi m'mbali mwa timakapu, ndipo zilibe thumba la inki yomwe zinzake zimalavula pothawa adani, poti kumdima wandiweyani inki ungaphimbe nayo maso a ndani? Incirrina ndiye zinazi zonse, kuyambira Octopus wolfi, kosapitirira masentimita 2.5 ndi kosakwana galamu imodzi, mpaka zimphona ziwiri zija. Koma ziwirizo si za banja limodzi. Ya ku Pacific ndi ya amalume zili m'banja la Enteroctopodidae, limodzi ndi Enteroctopus megalocyathus ya kunsonga ya South America ndi Enteroctopus zealandicus ya ku New Zealand. Haliphron ili payokha m'banja la Alloposidae. Kukula sikupanga ubale.

Ndipo mndandandawu ndi wolemba ndi pensulo. Chimphona cha ku Pacific anachilemba koyamba ndi Gerhard Wülker mu 1910, n'kuchipatsa dzina lokumbukira Franz Doflein, katswiri wa ku Germany. Kwa zaka zambiri chimatchedwa Octopus dofleini, mpaka m'zaka za m'ma 1990 pomwe anachisamutsira ku Enteroctopus. Mu 2017 ofufuza ku Prince William Sound, ku Alaska, anaonetsa kuti zina zomwe aliyense amaziyesa dofleini ndi mtundu wina, wa kamphonje m'mbali mwa thupi. Izi siziyenera kutidabwitsa ife a kunyanja ino. Chomwe pamsika timangoti chambo ndi mitundu itatu, Oreochromis karongae, squamipinnis ndi lidole, ndipo mbuna zambirimbiri za m'miyala ya nyanja yathu mpaka lero zilibe dzina la sayansi.

Mnyamata wina wa foni yaikulu anati zonsezi n'zazing'ono, iye anaona pa Facebook octopus ya makilogalamu pafupifupi 500. Ndinamupempha aitsegule. Inali colossal squid yomwe asodzi a ku New Zealand anagwira ku Ross Sea, kufupi ndi Antarctica, mu 2007, makilogalamu 495, ndipo anaisunga ku nyumba yoonetserako zinthu ya Te Papa ku Wellington. Kulemerako n'koona, koma si octopus. Squid ili ndi mikono isanu ndi itatu kuphatikizanso ina iwiri yaitali yogwirira nyama, yonse khumi. Ndinamuuza awerenge mikono asanatumize kwa anzake.

Kuti asachite manyazi ndinamusimbira za akuluakulu omwe anapusitsidwa kuposa iye. Mu 1896 chimulu cha mnofu cholemera matani angapo chinakokoloka pagombe la St. Augustine ku Florida. Pulofesa Addison Verrill wa ku yunivesite ya Yale, atangoona zithunzi ndi makalata, anachitcha Octopus giganteus. Zidutswa zake zitamufika m'manja anabweza mawu n'kunena kuti ndi namgumi, koma dzina linali litathawa kale, ndipo anthu anakangana zaka pafupifupi 100. Kafukufuku wa mu 1995 ndi wa mu 2004 anatsimikiza kuti anali mafuta ndi minyewa ya namgumi wowola. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa ngati pulofesayo anachotsedwa ntchito.

Loweruka, kudoko la Nkhotakota

Mwera wagona usiku, ndipo m'mawa doko linali lodzaza. Msuweni wanga anandikweza bwato kuti tikasefe mchenga patsidya pa kamtsinje, pomwe ati pali zigoba za nkhono za zibenthu ziwiri. Bwato la mtengo umodzi umakhala pamphepete, miyendo m'kati, ndipo likangopendeka pang'ono mimba imatembenuka. Sinditha kusambira. Ndinagwira mbali zonse ziwiri osayankhula mpaka tinafika, iye akungopalasa n'kumaimba. Zigobazo tinazipezadi, zakuda kunja, zonyezimira m'kati. Mabotolo onse adzaza, ndalembapo malo ndi tsiku. Nkhono zamoyo zija ndazithira sipiriti.

Pobwerera tinapeza mkangano. Msodzi wina wabwera ndi kampango, akuti makilogalamu 12, ndipo mtengo akutchula wa 12. Mayi wogula anatuma mwana kukabwereka sikelo kugolosale. Inaloza 7. Msodzi anati sikeloyo ndi ya mpunga, siidziwa nsomba. Anagwirizana pa mtengo wa 8.

Anti andimangira mpunga wa faya ndi ufa wa kondowole, katundu wachuluka kuposa pobwera. Basi ya ku Lilongwe yodzera ku Salima akuti ifika 1 koloko, ndipo wogulitsa matikiti wandiuza kuti ndisavutike kufika 3 isanakwane.